Kapinga Wobiriwira mu Julaye

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, kungoti amayi chifuwa chija sichikuwasiya.

Zimene zikuchitika pa esiteti pano sizikundigonetsa tulo. Bwana watsopano uja sakufuna kuona kapinga wa pakhomo pake atauma nyengo yozizira ino. Anaitanitsa mbewu ya udzu wachilendo wokonda chisanu, n'kuuza alamu anu, bambo a Mada, kuti amete kapinga yense mpala, afese mbewuyo pamwamba. Amayi atamva anangoti, "Kumeta maliro asanagwe? Amenewo ndi malodza."

Udzuwo wameradi, wobiriwira ngati mu Januwale, koma ukumwa madzi kuposa nazale ya fodya. Injini ikungopopa kudambo tsiku lonse, ndipo chitsime chathu chija, chimene sichinaphwepo chibwerere kuno, chayamba kutulutsa matope. Mu Julaye, achimwene.

Dzana nditafika kuchitsimeko, azimayi onse anandiyang'ana cham'mbali. Nangozo, mnzanga wa kukwaya uja, anandipatsa mpata n'kunena motsitsa, "Yambani ndinu, amake Mada. Paja paipi agwira ndi amuna anu." Dzulo paipiyo yapezeka itadulidwa ndi chikwanje. Chidutswa chake anadzachisiya pakhomo pathu, osati pa bwana.

Bambo a Mada akuti akakana kuthirira, tithamangitsidwa. Chonde lankhulani ndi amalume ku Mkanda adzatenge amayi ndi ana, dzuwa la Okutobala lisanafike. Ife titsala kaye.

Mulungu akusungeni. Potipempherera musachulutse zopempha, mungopempha kuti udzuwo ufe.

Ndine mlongo wanu,
Esinati