Pakamwa pa Amjomba

Lolemba, 8 Julayi

Vidiyo ya nikah ya Ajira yapita ku Joni. Mng'ono wanga wakwatiwa mkwati palibe, Hafiz ali komweko ku Joni, anamuimirira ndi akulu ake a Swadick. Ndiye ukwati wake womwe auonera pafoni. Fayilo inali yolemera, WhatsApp inakana, ndinaipepuza ndi kapulogalamu kaulere kaja. Sindinaionerenso. Khadi ya kamera ndapukuta, fayilo yolemera ija yapita nayo, mawa ndikujambula alendo ku loji ina ku Nkopola.

Lachiwiri, 9 Julayi

Koma abale inu! Ndikutsika minibasi, Ajira ali pageti, maso ofiira. Wangondipatsa foni.

A Sara, achemwali a Hafiz a ku Joni komweko, adula kachidutswa ka vidiyo yanga n'kukaponya pagulupu ya kubanja kwawo. Mawu akumveka bwinobwino, a Shehe akufunsa, amjomba a Sulemani, amalume athu, akuyankha kuti "Ndamupereka." Koma pachithunzi amjomba atseka pakamwa, akupukusa mutu. Pansi pake a Sara alemba kuti: "Mawu awa ndi omatika. Akulu anakana, Naima waphika pakompyuta."

Ine kuphika? Ine?

Choipa n'chakuti aliyense akudziwa kuti amjomba poyamba sankaufuna ukwatiwu. Ankati mwamuna wa pafoni safolera denga. Ndiye bodzalo lapeza pokhala. A Swadick akuti analipo, anagwirana nawo chanza, koma a Sara ati Swadick ndi wofatsa, anamupusitsa. Hafiz wangolemba kuti "Ndiganize kaye." Kuganiza chiyani, mkazi wakwatira kale?

Lachitatu, 10 Julayi

Ndaionera yonse. Koyambirira zili bwino. Kenako zithunzi zikuyamba kutsalira, mawu akuthamanga okha kutsogolo. Anthu akuyenda ngati ali m'madzi. Pofika pa funso la a Shehe, chithunzi chikadali kumbuyo, pamene amjomba ankakana kapu ya madzi imene ndinawatumizira. Mutu umenewo ankapukusira madzi! Kumapeto mawu atha, anthu akungoyasamula.

Kamera yanga imajambula zithunzi 30 pa sekondi. Kapulogalamu kaja kanalemba 25 pafayilo, osataya chithunzi n'chimodzi chomwe, kungozichedwetsa zonse, mawu n'kuwasiya pa liwiro lawo. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Chabwino, ndinalakwa kutumiza osayang'ana, kuthamanga si kufika. Koma kulakwa ndi kwina, kunama ndi kwina. Chinyengo ndiye sindivomera, ngakhale andiitanire kwa a Shehe.

Amayi ati ndipepese kwa a Sara nkhani ithe. "Kamera ndi ya amuna, mwana wanga, tinakuuza." Ndati amayi, kamera ilibe ndevu. Andiponyera chikho.

Lachinayi, 11 Julayi

Magetsi kulibe tsiku lonse. Laputopu yafa ndili pakati. Ndakwiya mpaka ndachapa makatani oyera kale.

Lachisanu, 12 Julayi

Amjomba abwera atachoka ku mapemphero a Juma, nkhope ili gwa. Nkhani yawapeza kumzikiti. Ati, "Iwe Naima, ndamva kuti wanditseka pakamwa dziko lonse likuona." Ndati amjomba, pakamwa panu ndipatsegula ndine ndemwe, khalani apa.

Akhala. Ndawaonetsa. Mawu ndawachotsa, ndawaika paokha osawakhudza, chifukwa mawuwo alibe mlandu. Zithunzi ndaziuza kuti inu si 25, ndinu 30, bwererani kwanu. Pompo anthu ayamba kuyenda ngati anthu.

Koma kuti ndidziwe kuti zakumanadi, pamafunika chinthu chomveka ndi chooneka nthawi imodzi, china koyambirira, china kumapeto. Choyamba chinalipo: mwera unamenyetsa chitseko cha malata, phaa, a Shehe asanayambe. Ndalumikiza phokoso ndi chitseko. Chachiwiri ndasaka mpaka maso kuwawa. Amjomba ndi amene anati, "Pajatu ndinayetsemula pa dua, pemphero lomaliza lija." Zoonadi! Chiyetsemulo cha amjomba chimadzutsa mbuzi za kwa aneba.

Ndafika pamenepo, mawu akuti etsi, mutu wa amjomba ukubwera pambuyo pang'ono. Pang'ono zedi, koma a Sara angakwerenso pomwepo. Ndinatsala pang'ono kulira. Ndiye ndafufuza m'laputopu momwe: kani 30 amene ndinalembayo pulogalamu yanga inali itamubweza mwakachetechete pa 29.97 wa pulojekiti yakale. Kanthu kochepa ngati nsabwe! Ndatsegula pulojekiti yatsopano, 30 weniweni, ndaikamo zonse. Chitseko phaa pamalo pake. Etsi, mutu pansi, Alhamdulillah, milomo ndi mawu limodzi.

Tabwerera pakati. A Shehe afunsa. Amjomba aweramira kutsogolo, dzanja m'dzanja la a Swadick, pakamwa patseguka: "Ndamupereka."

Amjomba aonera katatu. Kenako ati, "Ndinanena ndi mtima umodzi tsiku limenelo. Mwanayu ndinamulera ine." Atola kofiya yawo, atuluka osatsanzika. Ndikuganiza kuti samafuna ndione maso awo.

Loweruka, 13 Julayi

Ndaipepuzanso, ulendo uno ndasankha ndekha liwiro, ndaionera kuyambira chitseko mpaka mbale za mpunga. Ili bwino ngati tsiku lomwelo. Ndaika pafulashi, ina pafoni. Zala zikundiyabwa. Ndakonza kale mawu oti ndilembe pansi pake, a Sara akawerenge atakhala pansi.

Koma ukwati ndi wa Ajira, aione kaye mwini wake. Ali ku Namwera kwa azakhali, anathawa manong'onong'o a kumjigo. Abwera mawa.

Hafiz zii mpaka lero. Koma pa sitetasi akuika zithunzi za nsapato.

Lamulungu, 14 Julayi

Ajira wafika masana, waonda masiku ochepa omwewa. Tinakhala pamphasa kuseri, laputopu pampando. Ajira anaonera mpaka pamene amjomba ananena mawu awo. Anati ndibwezere. Ndabwezera. Chiyetsemulo chitafika anaseka, koyamba sabata yonseyi.

Ndati nditumize tsopano, gulupu yonse ione, a Sara atsamwe.

Anagwira dzanja langa. "Achemwali, musatumize."

Ndati wapenga? Ndavutikira chiyani masiku onsewa?

Ati, "Mwavutikira ine, ndipo ndaona. A Shehe analipo. A Swadick, akulu ake a Hafiz, analipo. Ine ndinamuimbira tsiku lomwelo utoto wa hina uli m'manja, ndinamuuza ndekha. Onsefe sanatikhulupirire, ndiye akakhulupirire kanema? Mawa fayilo ina ikadzawonongeka ndidzakhalanso wosakwatiwa?"

Zinandipweteka, kunena zoona, ndimafuna dzina langa liyere lero lomwe. Ndati nanga ine, amene akunditcha wophika? Ajira ati amjomba anena kale kumzikiti kuti aona ndi maso awo, amene akufuna adzaonere kuno.

Tili pomwepo foni yake yalira. Hafiz. Ayenera kuti wamva kwa a Swadick kuti vidiyo yakonzedwa. Ajira anaika pa sipika.

"Ndamva kuti ilipo yabwino. Tanditumizireni ndione."

"Ilipo," anatero Ajira. "Mudzaionera pakhonde pa amjomba, mutakhala pamphasa imene munayenera kukhalapo. Mabasi a ku Joni amabwera sabata iliyonse."

Anadula. Anazula fulashi palaputopu, n'kuimanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri. Ya pafoni yanga anati ndifufute iye akuona. Ndafufuta.

Foni inaliranso. Anaitembenuza chafufumimba pamphasa, n'kundifunsa ngati kwatsala tiyi.