Mimba Zinayi za Genoveva

Lolemba, 9 Juni

Zotsatira za magazi zafika. Miyezi itatu kudikira. Ndinapita ndekha, poti mkazi wanga Genoveva ali kwawo ku Namacula chipitire padera kachinayi. Ndinkati ndikangomutengera pepala lake.

Lakelo lilibe kanthu. Vuto lili pa langa.

Adotolo akuti tizidutswa tiwiri ta makromozomu anga, tinthu tonyamula chibadwa cha munthu, tinasinthana malo, ndinabadwa choncho. Ine sindidwala, koma mbewu yanga ina imapita yoperewera, mimba n'kuchoka. Mwana wamoyo n'zotheka, atero. Zinazo sindinamve, m'makutu munangoti ziii.

Ine Alcides, wosenza ndekha thumba la mbatatesi! Ine?

Lachitatu, 11 Juni

Adotolo aja anandifunsa ngati kwathu zinachitikapo. Ndinakanitsitsa: amayi anabereka atatu, tonse tilipo. Lero ndawafunsa amayi akusankha nyemba. Osadzutsa n'komwe mutu. "Mimba zisanu. Ku Malawi, titathawa nkhondo. Zimenezo sauza amuna, timakakwirira tokha akazi."

Zisanu! Komatu ndi iwo omwewa akhala akundiimbira nyimbo yoti m'mimba mwa Genoveva simukhala mwana, ndipeze wina. Ndawakumbutsa. Akuti, "Inenso apongozi anga ankandinena choncho." N'kupitiriza nyemba zawo.

Za pepala sindinawauze.

Loweruka, 14 Juni

Kuzizira koopsa. Malonda zii. Ankhoswe akumana Lamlungu pa 22, nkhani yothetsa banja. Woiyambitsa ndine. Za pepalali tikudziwa ine ndi adotolo basi. Nditatseka pakamwa, angadziwe ndani? Ndaganizadi zimenezo tsiku lonse pamsika. Ndikudzinyansa.

Lachinayi, 19 Juni

Ndapita ku Namacula. Ndam'peza akuchapa. Waonda. Wapukuta manja, ndam'patsa pepala langa, waliwerenga kawiri, Chipwitikizi amachidziwa kuposa ine. Ndimayembekeza kulira kapena kutukwana. Ayi.

"Zaka zisanu ndikumwa mizu yowawa. Kanayi konse ndinakugwadirani kupepesa. Ndimapepesa chiyani, bambo?"

Ine ndati tiye kunyumba, adotolo akuti tikhoza kuyesanso, adzatithandiza. Iye wangopinda pepala, walimanga pa nsonga ya chitenje.

"Lamlungu ndiliwerenga ndekha pamaso pa onse, amayi anu ali pomwepo. Zobwererazo mudzandifunse ndikamaliza."

Pepala langa ndi lomwelo, lina ndilibe. Dzanja linafuna kulanda. Dzanjalo ndaliika m'thumba.

Masiku atatu.