Nyumba Ilibe Denga

Santhe, Kasungu
Novembala 2009

Mwana wanga Chancy,

Uli bwanji ku Nchaloko, iwe ndi mpongozi wanga ndi kakhanda kaja? Kayamba kukwawa? Ine kuno ndilipo, koma kulipo kwake n'kongoti ndikupuma.

Uthenga wa maliro a bambo ako unaumva. A Hamdani a pagolosale anandiuza kuti foni unayankha wekha. Sunabwere. Zimenezo sindikufuna tikangane lero. Ndikukulembera chifukwa nyumba ilibe denga.

Mwezi watha bambo ako anagula malata n'kusasula udzu wonse. Amati atopa kukhoma madenga a eni ake mkazi wawo akutchera mabeseni m'nyumba. Anakhoma mapaso mbali imodzi, masana n'kutsika akuti chifuwa chawathina. Anatisiya tili pangolo, ngakhale kuchipatala tisanafike.

Ukulikumbukira bodza lawo lija? Atabwerako ku usilikali, kuja ankalondera njanji ku Mozambique, anthu ankawabwereka zida osabweza. Tsiku lina anaima pamsika n'kulengeza kuti hamala, sowo ndi makwerero anazikhwimira kunkhondo, ndipo wozigwira amene si magazi awo manja adzatupa ngati maungu. Anafika pakhomo akuseka mpaka misozi. Kuchokera tsiku limenelo palibe anabwerekanso ngakhale msomali.

Lero bodzalo lagwera ine. Anthu akuti zida zatembenukira mwini wake. A Frazer, amene ntchito anaiphunzira m'manja mwa bambo ako, anangoima pabwalo chipewa chili m'manja, akuti ali ndi ana aang'ono. Ndinawauza kuti abwere ndi zida zawo. Akuti nanga mapaso ali pamwambawo anakhomedwa ndi chiyani? Ndinalumbira pamaso pa akulu a mpingo kuti zinali nthabwala chabe. Anandipempherera bwino ndithu, koma wokwera sanapezeke.

Tangoganiza, munthu wakhoma denga la tchalitchi, wamanga zigafa za fodya mpaka ku Chisemphere, lero mkazi wake akugona akuona thambo!

Ndikudziwa bambo ako anali ouma mtima. Ankakudzutsa ngati uli pa pelete wa asilikali. Thabwa ukalidula mokhota, chakudya unkachiona ukaliwongola. Lamba uja anakukwapula naye pamaso pa anzako sindinamuiwale, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Koma zina sunazione. Kukagunda bingu ankagwira dzanja langa akutchula mayina a anzawo amene anatsala kunjanji kuja. Kukacha ankatenga hamala n'kukakwera madenga ngati palibe chachitika. Ine ndikuwasowa, Chancy, ndi ukali wawo womwewo.

Kuponi ndinalandira, ndipo feteleza ndinagula nditaima pamzere mpaka miyendo kuuma. Fetelezayo pamodzi ndi chimanga ndasungitsa kwa a Consolata oyandikana nawo. Koma makoma sindingawasungitse kwa munthu. Zidina zake n'zosawotcha, ukudziwa. Lachiwiri kunangowaza pang'ono, khoma la kuchipinda kwako layamba kale kunyenyeka. Ikadzagwa mvula yeniyeni, nyumba ino idzakhala chulu.

Dzulo ndinaimika makwerero ndekha. Ndinamanga chitenje ngati thewera, hamala m'manja, kuti anthu aone. Manja sanatupe. Koma nditafika pakati pa makwerero ndinayang'ana pansi, n'kutsika ndikukwawa chafutambuyo. Amene anaima pamsewu kuonerera akuti tidikire kaye, zimatupa pakapita masiku.

Magazi a bambo ako amene angakwere ndiwe wekha, ndipo ntchitoyi ukuidziwa ngakhale unaithawa. Bwera, mwana wanga, ndagwira mwendo wako. Kumanda usapite ngati mtima sukufuna. Kukhululuka sindikukukakamiza. Udzangokhoma malata n'kubwerera, sindidzakuchedwetsa ndi mawu. Ukapanda kufika Loweruka ndikweranso, ndipo ulendo uno sindiyang'ana pansi.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, kamdzukulu kanga ukapsompsone. Ambuye akusunge ndipo akutsegulire njira. Kutchalitchi onse akupempherera mvula, mbewu zili m'manja. Ine ndekha ndimawerama n'kupempha Mulungu kuti ayambe waigwira, ndipo ndimatuluka ndi manyazi.

Ndine mayi ako,
Ezelina