Timikono Tiwiri M'chitini cha Penti

Lolemba, 6 Okutobala

Pikapu ya achimwene yagubuduzika m'mawa uno panjira yokwera kunazale ya mitengo. Amayendetsa ndi alamu, akazi awo. Ali moyo, ndiyambe ndi pamenepo. Mkono wamanzere wathyoka pawiri, pachipumi awasoka.

Ndinapita ndi lole yokokera kukaitenga. Ndinaipeza itagona chammbali ngati ng'ombe yodwala, thanki ya madzi othirira mbande itang'ambika, matope ponseponse. Malowo ndimawadziwa. Njira imapendekera kuphompho, koma pang'ono chabe. Ndayang'ana modutsa matayala: palibe poti anamanga buleki mwadzidzidzi, palibe poti amathamanga. Imangoyenda pang'onopang'ono, kenaka n'kugona.

Ndinasuzumira kunsi kwake anthu asanachuluke. Kaya ndimafuna kuona chiyani, poti chosowacho ndikudziwa kumene chili.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Masabata atatu apitawo achimwene anabwera kugalaja akudandaula kuti mimba ya galimoto ikukhula miyala. Akuti ikweze mphwanga, izidutsa paliponse. Ndinaikweza masentimita khumi, masipuling'i atsopano, matayala akuluakulu. Inaoneka bwino kwabasi, ndinaijambula n'kuonetsa anzanga.

Koma kutsogolo kuli chitsulo chopingasa, sitebilaiza, chomwe chimaigwira galimoto kuti isapendeke kwambiri. Chimalumikizidwa ndi timikono tiwiri. Nditaikweza, timikonoto tinafupika, osafikanso. Pamafunika tatitali. Ndinatimasula n'kutiponya m'chitini cha penti pansi pa benchi, ndikuti mawa ndikagula. Mawa lake mpaka lero.

Chondiwawa n'choti zimenezi ndimaphunzitsa anthu ndine. Kasitomala aliyense wofuna kukweza galimoto ndimamuikira mpando pamwamba pa benchi n'kumuuza kuti akhalepo, ine ndigwedeze. Miyendo ndi yomweyo, koma kulemera kwakwera m'mwamba. Onse amaseka n'kumvetsa. Achimwene okha sindinawaikire mpando. Za pachibale timachita mothamanga.

Lachitatu, 8 Okutobala

Alamu atuluka m'chipatala. Ndinapita kukawaona madzulo. Anali pasofa, mkono uli m'chikhakha, atausanjika papilo wa maluwa. Pabalaza anthu thoo, ndipo achimwene amafotokozera aliyense wolowa nkhani imodzimodzi. Akuti ndinawauza ine kuti galimoto yaikulu si ya aliyense. Akuti alamu anachita mantha n'kupotoza chiwongolero. Anthu n'kumagwedeza mitu, ena n'kumati bola moyo.

Alamu, munthu woti sagonja pa mkangano, amangoyang'ana chikhakha. Kamodzi kokha anati, "Njira imeneyo ndadutsapo zaka ziwiri, tsiku lililonse."

Ine ndinali pakona ndi kapu ya tiyi. Achimwene anati, "Si choncho amakaniko?" Ndinamwa tiyi. Anali wotentha, ndapsa lilime, ndipo ndi zondiyenera.

Chomwe sindinalembe dzulo ndi ichi. Sabata yatha alamu anandiimbira foni. Anati alamu, galimotoyi mwaimwetsa chiyani, ikudzandira ngati chidakwa, makamaka thanki ikakhala theka. Ine n'kuseka. Ndinati vuto si galimoto, vuto ndi dalaivala wamfupi, ndikugulirani pilo muziona kutsogolo. Iwonso anaseka, anati ndikabwera ndidzakukokani makutu. Ife timachezerana choncho chikwatiwire iwo pakhomo pathu. Munthu amandiuza zoona, ine n'kuyankha zachilamu.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kamutu, mnzanga wowotcherera zitsulo, amafuna chitini chothiramo mabawuti. Mwa zitini zonse za m'galaja muno anatola chomwecho. Anatulutsa kamkono kamodzi, kuyang'ana, kuyang'ana pikapu yophwanyika ija, kuyang'ana ine. Anakabwezera, kutseka chivundikiro bwinobwino n'kuika chitini pamwamba pa benchi, pakati penipeni.

Anangoti, "Mlamu wako ali bwanji?"

Tsiku lonse ndagwira ntchito mozungulira chitinicho. Kuchichotsa ndalephera.

Ndayesa kudzitonthoza. Thanki ya theka madzi ake amakhuthukira mbali imodzi, zoona. Njira ndi yopendekeka, zoona. Mwina ikanagwabe ngakhale timikono tikanakhalapo. Koma thanki yomweyo ndi njira yomweyo zinalipo zaka ziwiri zonsezi. Chatsopano ndi manja angawa basi.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndapita kusitolo ya zipangizo, misewu iwiri kuchokera pano. Timikono tatitali tili pashelefu, tachita kutuwa ndi fumbi. Ndagula tiwiri.

Loweruka, 11 Okutobala

Achimwene abwera kugalaja kudzaona pikapu. Akuti uiwongole, ikhalebe yaitali chomwecho, aziyendetsa okha. Kenaka anatulutsa kiyi m'thumba. Ndinaizindikira ndi kansalu kofiira kamene alamu anamangirirapo. Akuti aichotsa pa makiyi a alamu iwo ali m'tulo, ndipo alamuwo sanafunse n'komwe, angoti sadzagwiranso chiwongolero.

Nazale nayo akuti aisiye. Popanda wotengera madzi kumtunda kuja, mbande zikufota kale. Mbande zimene alamu anafesa okha, chubu ndi chubu, ife tikuwaseka kuti adzadya mitengo. Anaphunzira galimoto ali ndi zaka makumi anayi chifukwa cha nazaleyo. Analephera mayeso kawiri, kachitatu anabwera kugalaja kuno akuimba hutala msewu wonse.

Achimwene anatsamira benchi, chigongono chikukhudza chitini. Anati, "Ukudziwa mphwanga, mwina ndinalakwa ndine kuwalola." Amaoneka okalamba. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka n'choti galasi lakutsogolo livuta kupeza.

Ndine wamantha. Ndalemba kuti ndizione ndi maso.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndinapita kwa achimwene masana, chitini m'manja. Ndinawapeza awiriwiri patebulo. Alamu amalimbana ndi kusenda lalanje ndi dzanja limodzi, akukana kuthandizidwa.

Ndinakhuthulira timikono patebulo, takale tatifupi ndi tatsopano tatitali. Ndinafotokoza zonse, mpando pabenchi, foni ija, pilo. Ndinati galimoto sanagwetse ndi alamu, ndinagwetsa ndine, masabata atatu isanagwe.

Achimwene anaimirira. Ndimayesa andimenya, ndipo zikanandipepukira. Anati, "Lachitatu lija unali pakona paja ukumwa tiyi wanga." Anatuluka panja, chitseko osatseka.

Alamu anatola kamkono katsopano n'kumakatembenuza. Anafunsa kuti kumanga timeneti kumatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinati ola limodzi.

"Ola limodzi," anatero, akuyang'ana chikhakha.

Ndinati pepani. Ndinati galimoto ndiitsitsa ibwerere mmene inalili, m'thanki Kamutu aikamo zotchinga kuti madzi asamakhuthukire mbali imodzi, ndipo mpaka achire madzi ndizikwera nawo ndine pa lole m'mawa uliwonse.

Anati, "Usiku uliwonse ndakhala ndikuyendetsa njira ija m'mutu, kufunafuna pomwe ndinalakwitsa. Masiku asanu ndi limodzi, alamu." Mawu amenewa anawanena opanda nthabwala, ndipo sindinawamvepo akuyankhula nane choncho.

Kenaka anaitana achimwene pawindo kuti abweretse kiyi yawo. Anabwera nayo, anaiika patebulo osayang'ana aliyense. Alamu anaikokera pafupi ndi lalanje lawo.

"Chikhakha akachotsa, ulendo woyamba mukwera nane," anatero. "Thanki ya theka. Inu mudzakhale mbali ya kuphompho."