Makina akuti mumatalikitsa, Amayi

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Kapena kulibe zodzuka, mumangogona ngati bwana wa esiteti?

Kuno nandolo wachita bwino, koma chinangwa anyani a m'phiri atithandiza kukolola. Mano anditsalira ochepa, moti chimanga chootcha ndimangochipatsa moni. Achemwali anga a Falesi tinawaika m'dzinja lapitali. Ngati afika, muwapatse pokhala, miyendo inali itatupa.

Nkhani yanga ndi ya Edina, mwana wanga womaliza, amene simunamuone. Ali ku Blantyre, amalemba za kwathu kuno pa intaneti, m'foni momwe aliyense amawerenga, ngakhale wa ku Joni. Asanatulutse nkhani amaiyeza kawiri. Koyamba pa makina: chiganizo chikatalika amachipaka zofiira, kusonyeza kuti owerenga atopa. Kenako pa ine wa Sitandade 5: amandiwerengera m'Chichewa, ndikayasamula amafufuta. Ndi ntchito yoyamba imene ndalembedwa chifukwa cha umbuli.

Loweruka anabwera ndi nkhani ya inuyo. Tinakhala pansi pa mpeyala, iye n'kumawerenga: "Agogo anga ankathyola tiyi. Anali olimbikira. Ankakonda ana awo." Makina anakondwa, chofiira panalibe. Inenso sindinayasamule, ndinangofunsa kuti, "Mayi wofatsayu ndi wa kuti? Ngati sali pabanja ndikafunsire."

Edina sanaseke. Anati, "Ababa, zija munandiuza ndinalemba, koma zinafiira zonse. Anthu amawerenga ali m'minibasi. Zikatalika amadumpha, agogowo osawaona n'komwe."

Sananame mwanayu. Koma zimene anadulazo ndi kudzutsa kwanu kuja, kwa mpweya umodzi: "Dzukani zidzete inu, dzuwa lakupezani pamphasa ngati mbatata zowola, tiyi sadzithyola yekha, kapitawo si malume anu, madzi a pachitsime sanamere miyendo, iwe Jemusi chotsa chala m'mphuno..." Kenako munkatsitsa mawu n'kumaliza m'Chilomwe, timawu tofewa, ife n'kudzuka tikumwetulira ngati sitinatukwanidwe.

"Chabwino, ndibwezera," anatero Edina. "Malizitsani, ndilembe."

Ndinatsegula pakamwa, Amayi. M'kamwamo munalibe kanthu. Timawu tomalizato ankasunga ndi a Falesi, ine ndinkangotola zotukwana zokha. Ndinati m'mutu mwandithera chaji. Edina anayamba kupukuta foni yake pachitenje, ngakhale inalibe fumbi.

Ndapalasa njinga mpaka ku Limbuli kukafunsa okalamba otsala. Aliyense akukumbukira za mayi ake. Za inu ndatsala ndekha, ndipo ndili ndi theka.

Edina anati tipeke mathero abwino, palibe angadziwe. Ndakana. Ndamuuza aitulutse choncho, yofiira, yodukira panjira. Akuti ambiri sakamaliza kuwerenga. Asamalize. Nafenso masiku ena tinkathawira panja inu muli pakati polankhula.

Yatuluka dzulo. Ndamupempha andiwerengerenso, ndipo atafika podukapo tonse tinangokhala, ngati tikudikira kuti mupume kaye.

Timawuto musatiiwale nanunso. Ndikubwera kudzatimva ndekha, sindichedwa kwambiri, ndipo ulendo uno ndikulonjeza kukhala chete mpaka mumalize.

Ndine mwana wanu wosamva uja, wokukondanibe,
Jemusi