Sipuling'i ya Kumanzere

Loweruka, 7 Juni

Mpikisano wa timagalimoto ta rimoti, ndime yoyamba yosankha olowa fainolo. Mwana wanga Namzeze nambala naini pa anthu khumi. Mtsikana amene chaka chatha palibe ankamupeza.

Kagalimoto kamakokera kumanzere. Poongoka kakuyenda chammbali ngati nkhanu. Pakona ya kuseri kwa chitunda kagubuduzika kawiri. Iye ali pansanja, rimoti m'manja, akukuwa, “Adadi, sitelingi!” Ine ndamuyankha kuti vuto ndi zala zake. Mokweza. Anthu onse akumva.

Kenako ndakumbukira. Pa nkhomaliro ndinaona a Telala atakanyamula patebulo pathu, akukatembenuza, akukanikiza kutsogolo ndi chala. A Telala, amene tinayamba nawo kalabuyi tili anthu asanu okha pabwalo la fumbi. Lero amaliza achitatu.

Ndawapitira. Sindilemba zonse. Mawu akuti kaduka ndawanena katatu. Ndatinso munthu wa singano asamagwire zitsulo za eni ake. Iwo amangoti, “Achimwene, ndimangoona.” Alongedza, apita osatsanzika. A Tcheya a kalabu akuti nkhani ikambidwa Loweruka m'mawa ndime yachiwiri isanayambe. Akapezeka olakwa, chaka chino sapikisananso.

Pobwerera Namzeze wakhala mpando wakumbuyo, kagalimoto pamiyendo.

Lamlungu, 8 Juni

Tebulo pakhonde, nyuzipepala, timasikuluu m'kambale. Kufuna umboni wokaonetsa a Tcheya.

Kabatani kowongolera mawilo pa rimoti kali pakati. Sevo, kamota kokhotetsa mawilo kaja, ndamasula. Mano onse alipo. Matayirodi, tizitsulo tokoka mawilo pokhota, ndayeza kawiri, ofanana. Matayala sanamatuke. Palibe sikuluu yomasulidwa, palibe chopindika.

Ndiye anagwira pati?

Zaka 26 ndikuwongola mawilo a malole ndi maminibasi. Madalaivala amalambalala magalaja atatu kufuna dzanja langa. Kanthu kokwana m'bokosi la nsapato kandigonjetse?

Mayi ake a Namzeze akudutsa ndi zochapa: “Bwanji osavala magalasi aja?” Ali m'dirowa chiwagulireni mu Januwale. Ndayankha kuti sindinakalambe.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapeza. Bola ndikanapanda kupeza.

Ndinapita nako kugalaja. Nthawi yopuma, padzuwa, pa chitsulo chosalala. Kukanikiza mphuno, kusiya. Kumanja kwadzuka msanga. Kumanzere kukudzuka ngati munthu wodwala msana, n'kutsalira pansi pang'ono. Mafuta a m'mashoko, timapaipi tochepetsa kudumpha, ndi amodzimodzi. Masipuling'i ayi. Iliyonse ili ndi kadontho ka penti: kobiriwira ndiye yolimba, kabuluu yofewa. Kumanja kobiriwira. Kumanzere kabuluu. Kuti nditsimikize ndachita kujambula ndi foni n'kukulitsa chithunzi.

Ndinati mwina anasintha ndi a Telala. Ndakakamira pamenepo mpaka kuweruka. Kufika kunyumba, kutsegula bokosi langa, la loko, kiyi wake sachoka m'thumba mwanga. M'kapepala muli ziwiri zotsala. Ina yobiriwira, ina yabuluu.

Ndinamanga ndine, Lachisanu. Ndekha. Namzeze anafuna kuthandiza, ndinati akawerenge za kukoleji.

Ndasintha iye asanabwere.

Lachitatu, 11 Juni

Kukayesa pamalo oimika magalimoto kuseri kwa sitolo ya matabwa. Njo, ngati chingwe. Kona yakumanja, kona yakumanzere, chimodzimodzi. Namzeze waseka koyamba chichokereni Loweruka.

Wafunsa kuti chinali chiyani. Ine: “Ndabwezeretsa zomwe zinasokonezedwa.”

Sindinatchule munthu. Njira yonse ndakhala ndikudziuza zimenezo, kuti sindinatchule munthu. Iye anatsitsa maso n'kuyamba kupukuta matayala omwe anali oyera kale.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinatuluka kugalaja ndi teni koloko, ati kukagula mabawuti. Ndinapezeka tsidya la msewu, moyang'anana ndi shopu ya a Telala. Makina akulira. Iwo ataweramira diresi yaukwati, mapini m'kamwa, tepi m'khosi. Pashelefu pamene pamakhala kagalimoto kawo kofiira pali mipukutu ya nsalu. Akachotsa.

Mphindi makumi awiri ndili chiimire pafupi ndi wokonza nsapato. Mpaka wandifunsa ngati ndikudikira basi, chifukwa basi siima pamenepo.

Ndinawoloka. Pakhomo panatuluka amayi awiri, makasitomala. Ndinapitirira ngati ndikupita kwina.

Mabawuti sindinagule.

Lachisanu, 13 Juni

Namzeze wabwera kugalaja masana. Sabwerabwera kuno. Waima pafupi ndi dzenje, ine ndili pansi pa minibasi, wanditsitsira foni yake. Uthenga wa a Telala. Wa Lamlungu m'mawa.

Ndaukopera pano kuti ndisadzaupeputse m'mutu: “Mwanawe, uwauze adadi aone sipuling'i ya kutsogolo kumanzere. Kagalimoto kapendekeka. N'chifukwa chake ndinakanyamula. Ndimati ndiwauze koma anali pa foni. Usanene kuti ndanena ndine, angakane.”

Ndiye Lamlungu lonse lija ndikufufuza umboni pakhonde, yankho lili m'chipinda chake. Akuti anaopa kuti ndikalipanso. Lachitatu anaona yekha kuti kadontho kasintha. “Ndimadikira kuti munene nokha, adadi.” Sanakweze mawu. Anatenga foni, anapita.

Ndakhala m'dzenjemo mpaka dalaivala wagogoda pachitseko kufunsa ngati ndagona.

Ndawafotokozera mayi ake zonse. Sananene kuti ndinakuuzani. Angotulutsa magalasi, awapukuta ndi nsonga ya siketi, awaika pambali pa mbale yanga.

Loweruka, 14 Juni

Kubwalo ndi seveni. Anthu khumi ndi awiri okha, ena akuthira madzi panjira, ena akutchaja mabatire. A Telala kulibe. A Tcheya akuti iwowo anatumiza mawu Lachinayi kuti asiya, asavutike n'kuzenga mlandu.

Ndapempha kulankhula. Magalasi kumaso, masipuling'i awiri pachikhatho. Ndati wolakwa ndine, maso anga ndi pakamwa panga. Ndati a Telala ankafuna kutithandiza. Ndatinso zala za mwana wanga zilibe vuto. Wina watsokomola. Wogulitsa matayala wati, “Magalasiwo akukhalani,” anthu aseka pang'ono, basi nkhani yatha. Yatha msanga kwambiri. Ndimayembekezera kuti ipweteka kuposa pamenepo.

Namzeze wachiwiri. Walowa fainolo. Potsika pansanja sanabwere kwa ine, wapita kukamwa madzi. Kenako wabwera, wandipatsa rimoti kuti ndimugwirire. Pakadali pano zimenezo zikwane.

Masana kwa a Telala. Lero ndalowa. Andilozera pampando wa makasitomala n'kupitiriza kupinda thalauzi mpaka miyendo yonse iwiri. Ndalankhula kumsana kwawo. Atamaliza adula ulusi, afunsa kuti m'mawa kunali anthu angati. Ndati khumi ndi awiri.

“Tsiku lija analipo oposa makumi anayi, achimwene. Ena ndi makasitomala anga. Sabata ino wina wandifunsa ngati nsalu yake yotsala ndabweza yonse. Zaka makumi atatu palibe anandifunsapo funso limenelo.”

Andiperekeza mpaka pakhomo, mwaulemu, ngati mlendo.

Lolemba, 16 Juni

Ndabwereka kaundula wa pa 7 Juni kwa a Tcheya. Mayina 43. Kuchotsa khumi ndi awiri aja, ine, Namzeze ndi a Telala, atsala 28. Ndikawauza mmodzimmodzi kuti ndinawanamizira a Telala, koma pa foni ayi. Pamaso.

Lero atatu. Wometa tsitsi wandimvera lumo lili m'manja, kasitomala akumvanso. Wachiwiri, namwino, anali ataiwala kale, ndachita kumukumbutsa zomwe ndinanena, mawu ndi mawu. Kumeneko ndiye kwawawa. Wachitatu ndi amene anafunsa za nsalu. Wati iye anangokhulupirira chifukwa ndinanena ndine.

Chifukwa ndinanena ndine.

A Telala sindinawauze kuti ndayamba. Kaya adzabwerera ku kalabu, kaya ayi. Fainolo pa 28 Juni.

Namzeze wayala nyuzipepala pakhonde, wamasula mashoko onse anayi yekha. Akuti kuyambira lero womanga ndi iyeyo, ine ndizingoyankha akafunsa. Ndakhala m'nyumba kulemba izi, khutu lili panja. Theka la ola tsopano. Sanafunsebe. Mafuta akuthira ochuluka, ndikuona pawindo, shoko ikhala yolimba, koma sindilankhula mpaka afunse.