Achimwene Anakana Mgonero

Wokondedwa mng'ono wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Mbayani tilipo, kungoti miyendo yangayi yayamba mwano.

Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi mayi Saidi, aneba a achimwene ku Chigumula. Akuti abusa anawabweretsera achimwenewo Mgonero kunyumba, poti masiku ano sakudzukanso, koma iwo anakana. Ine nditamva, ulendo pa minibasi!

Ndinati, "Achimwene, mukuwakaniranji Ambuye?"

Iwo akuti, "Achemwali, pakamwa pano ndi pomwe ndinatukwanira Esinati pamaliro a amayi. Ndiye mkate woyera ulowe pomwepa?"

Ndinati, "Nanga Yesu anafera anthu oyera kale? Wotsuka pakamwapo ndi Iyeyo, inu pemphani basi." Analira, iwe, munthu wamkulu uja, ndipo tinapemphera limodzi.

Kutacha tinawaveka malaya oyera, abusa anabweranso, ndipo achimwene analandira. Atatha anandifunsa chapansipansi ngati ungayankhe atakuimbira.

Chonde mwana wa amayi, foni ikalira uyankhe. Sindikudziwa kuti atsala ndi masiku angati. Ambuye akupatse mtendere wawo.

Ndine mkulu wako,
Nachisale